Chogogoda pa Mahampu a kwa Nsulu

Tasenderani kuno, ndipo inu mukuseka kumbuyoko, muyambe mwamva kaye. Paja mumati nkhani za mizimu zinapita ndi nyali za koloboyi, eti poti masiku ano kuli magetsi. Bodza limenelo. Imene ndikuuzeniyi inachitikira m'galimoto yoyendera magetsi omwewo, dzuwa lisanalowe n'komwe, anthu akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Pa Mtanthira, kamsika kena ka ku Dedza komwe mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa, panali makaniko wina dzina lake Gelevaziyo Mkwaila. Anthu ankangoti Geva. Garaja yake sinali yoti n'kunyadira: msasa wamalata, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, ndi mtengo wamapeyala womwe ankakolekapo tcheni chokwezera injini. Koma khutu, abale, khutu anali nalo munthu uja. Minibasi ikamadutsa, iye ali chagada pansi pa galimoto ina, ankangoti, "Imeneyo ku Linthipe sikafika," ndipo madzulo mumaiona ikubwera chokokedwa.

Geva anali ndi mlamu wake, Lusiyano, mwamuna wa chemwali wake Sitelia. Lusiyano ndiye ankayendetsa pikapu ya bungwe la alimi a mkaka, yoyera, yamagetsi, yomwe ankaitchaja ndi sola pamalo oziziritsira mkaka. Galimoto imeneyi sinkalira ayi. Inkangoti seee, mwakuti nkhuku za m'midzimo zinatha ndithu zisanaizolowere.

Chaka chimenecho, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, Sitelia anadwala mwadzidzidzi. Mutu, chizungulire, dzanja limodzi kulemera. Lusiyano anamunyamula n'kumukhazika pampando wakutsogolo, anamumanga lamba, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Atangolowa mumsewu waukulu, mayiyo anatsamira galasi n'kunena kuti, "Ndigoneko pang'ono." Mwamunayo anayendetsa mosamala, akumulankhulabe njira yonse, kumuuza za ng'ombe ya uje yomwe yabereka, za denga lomwe afolere mvula isanagwe. Atafika, anamwino atangomugwira anayang'anizana. Munthu anali atapita kale, ndipo panalibe amene akanatha kuloza kuti anatsirizikira pati.

Maliro anayenda mwa mwambo wake. Thupi linabwera pa lole chifukwa abale anali ambiri, ndipo Geva, monga mwini mbumba, ndiye anakhala kumutu kwa bokosi n'kumawauza malemuwo njira, monga timachitira kuti munthu asasochere. "Achemwali, tanyamuka pachipatala. Achemwali, tikuwoloka mlatho. Achemwali, takhota, tikulowa kwathu kwa Nsulu." Sanadumphe mtsinje ngakhale umodzi. Patapita miyezi akuluakulu anamusudzula Lusiyano bwinobwino, mopanda mkangano, poti anali mkamwini. Kwawo kunali ku Ntchisi koma sanapiteko. Anapeza kachipinda kuseri kwa malo oziziritsira mkaka, pafupi ndi pomwe pikapu ija inkagona.

Munthu uja anatha, ndikukuuzani. Malaya ankangomulendewera m'mapewa. Ana awo anali akuluakulu, wina ku Kasungu, wina ku Joni, ndiye chomwe chinkamudzutsa m'mawa ndi galimoto ija basi. Ankaitsuka ngakhale ili yoyera. Geva ankaziona zonsezi ndipo zinkamupweteka, chifukwa mlamu wakeyo ankamukonda. Mumtima mwake ankadziwa kuti tsiku lomwe adzamulande makiyi a galimoto imeneyo, adzakumbanso manda ena.

Ndiye tsiku lina m'mawa pikapu ija inalowa pagaraja. Geva sanaimve, anangoona tayala lili pambali pa mutu wake.

"Aaa, alamu! Mudzandipha ndi chigalimoto chanu chozembachi!"

"Yandivuta, alamu."

"Batire? Pajatu zamagetsizo ine ndinakana."

"Ayi, n'zanu zomwe. Kutsogolo kuno, kumanzere. Ikamakwera mahampu ikumagogoda."

"Ha! Zomwezo mpaka nkhope kugwa chonchi? Imeneyo ndi bushi, apo ayi shoki. Ngakhale ngolo imatero."

Lusiyano sanaseke. Anafotokoza kuti apampando a bungwe anakwera nawo dzana ndipo anadzimvera okha kugogodako. Akomiti agwirizana kuti kukapitirira mpaka kumapeto kwa sabata, galimoto ikwezedwa pa lole kubwerera kwa amene anaigulitsa mumzinda, mkaka uzinyamulidwanso panjinga zamoto ngati kale. Ati kuli bwino kuibweza isanatheretu.

"Isapite, alamu," anatero Lusiyano, ndipo anamugwira Geva padzanja, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirireni m'banjamo. "Chonde. Ipezereni chilichonse."

Geva anavula chipewa n'kuyamba ntchito. Galimoto ikhale yamagetsi, ikhale ya dizilo, miyendo yake ndi yomweyo. Anayamba ndi kutsegula boneti, komwe m'malo mwa injini kuli chibokosi choikamo katundu, chifukwa nthawi zambiri chogogoda chimakhala jeke wongoponyedwa. Anatulutsamo jekeyo, chingwe, ndi chigubu chopanda kanthu. Kenaka anaikweza, anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Zii. Analigwira m'mbali n'kuligwedezanso. Zii. Analowa m'dzenje ndi chitsulo chake chokanulira n'kuyesa mabushi, timphira ta m'miyendo ya galimoto tija, kamodzikamodzi, anayesa bolojointi, mfundo yomwe tayala limakhoterapo, anasisita shoki kuona ngati ikudontha mafuta. Zonse zinali zolimba, zouma, zatsopano.

Atatuluka m'dzenjemo anatsegula chitseko cha kumanzere kuti aike chisanza chake chamafuta ndi sipanala pampando. Apo m'pamene anaona kuti lamba wa mpandowo ndi womanga, pamene pampandopo palibe munthu.

"Nanga lambayu mwamangira ndani?"

"Kabelu kake kamavuta," anayankha Lusiyano akuyang'ana kumbali. "Kamangolira ngati pakhala munthu. Ndikamanga kamasiya."

"Zamagetsi izo," anatero Geva, n'kuponya chisanzacho pampando, kutseka chitseko, kubwerera m'dzenje kukakunga manati.

Lusiyano anapita kukagula mandasi. Pagarajapo panalibenso wina. Koma Geva atatuluka m'dzenje anapeza chisanza chija chili pansi, pambali pa tayala, chopindidwa bwinobwino m'makona, sipanala ili pamwamba pake. Chitseko chinali chitsekere. Anaima n'kumachiyang'ana. Mphepo imagwetsa zinthu, inde, koma sipinda. Ndipo kapindidwe kake sikanali ka mwamuna wa pagaraja. Anadziuza yekha kuti ukalamba wayamba, wachiika yekha n'kuiwala, koma sanaikenso kanthu pampando umenewo.

Masana anapita kukaiyesa pamsewu. Geva anati akhale kutsogolo kuti amve bwino, koma Lusiyano anafulumira kumutsegulira chitseko cha kumbuyo.

"Khalani uku, alamu. Kumamveka bwino n'kumbuyo kuno."

"Makaniko ndani apa, ine kapena inu?"

"Ndinu. Koma khalani kumbuyo."

Galimoto ya dizilo imabisa zambiri, chifukwa injini imaphimba zonse ndi phokoso lake. Iyi sinkabisa kanthu. Munkamva kamwala kolowa m'tayala, munkamva udzu ukukhula kunsi, Geva ankamva mpaka kupuma kwa mlamu wake. Anadutsa msewu wafumbi wa kudibi, wokumbikakumbika ngati munda wa mbatata, osamva kanthu. Anakwera mahampu a kusukulu, mahampu a pamsika, chimodzimodzi.

"Mlamu, kodi mahampu ake ndi ati?"

"A kumtunda. A pamphambano."

Mahampu a pamphambano ndi aja ali pomwe njira ya kwa Nsulu imapatukira, kwawo kwa Geva ndi Sitelia. Analowera komweko. Mitengo ya bulugama inkadutsa mwakachetechete, ndipo Lusiyano anachepetsa liwiro.

Gu, gu. Kenaka pang'ono: gu.

Kutsogolo, kumanzere. Geva anawomba m'manja ndi chimwemwe, poti makaniko amasangalala akalimva phokoso lomwe akulisaka. "Ndaimva! Mawa ithera pompo imeneyi."

Sinathere pompo. M'mawa mwake anasintha mabushi omwe analibe vuto lililonse, anasinthanso kachitsulo kolumikiza miyendo iwiri yakutsogolo. Atapita pamphambano, gu, gu, gu. Tsiku linalo anamasula mashoki n'kuwasinthanitsa, ya kumanzere kupita kumanja, ya kumanja kubwera kumanzere, kuti ngati vuto ndi shoki phokoso lisamuke nayo. Silinasamuke. Geva anayamba kukwiya, kukalipira manati, kukalipira amene anapanga galimotoyo ndi makolo awo omwe. Kunyumba anasiya kucheza, mkazi wake akamufunsa ankangoti mutu.

Chinanso chinkamusowetsa mtendere. Galu wake wa pagaraja, Tilekeni, yemwe ankakonda kugona pansi pa galimoto iliyonse yobwera, pansi pa iyi sankalowapo. Sankauwa ayi. Ankangokhala chapatali moyang'ana chitseko cha kumanzere, mchira ukugunda pansi pang'onopang'ono, monga amachitira akaona munthu wa pakhomo.

Sabata ikupita kumapeto, Geva anaganiza nzeru ina. Anatenga foni yake, anaitchera kuti ijambule mawu, n'kuimangirira ndi mphira kunsi, pafupi penipeni ndi tayala lakumanzere. Anadutsa pamphambano paja, ndipo onse awiri anakumva kugogodako bwinobwino. Atafika patali anamasula foniyo n'kuiika kukhutu. Munkamveka tayala likupera msewu, timiyala tikuthetheka, kenaka tayala likukwera hampu n'kutsika. Kugogoda munalibe. Anabwereza, anabwerezanso, mpaka khutu linatentha.

"Kunsi kulibe," anatero ndi mawu otsika. "Chogogodachi chili m'kati."

Lusiyano anali akupukuta chiwongolero ndi mkono wa malaya ake.

Dzuwa linali litapendeka. Geva anati iye akaima m'mbali mwa msewu pamahampu pomwepo, mlamu wake adutse, kuti amve mmene zimamvekera kunja. Anabwerera wapansi. Pamphambanopo panali mayi wina wogulitsa tomato, aNangondo, wochokera kutsidya kwa phiri, amene anali atangoyamba kumene kugulitsira pamenepo chaka chomwecho. Kwa Nsulu sankadziwako aliyense.

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndinu amakaniko, eti? Ndakuonani sabata yonseyi mukungopita n'kubwera."

"Ndaswera, mayi. Galimotoyi yatizunguza mutu."

"Pepani. Koma ndifunseko, musandione ngati wamiseche. Adalaivala aja bwanji samawatsitsa amayi aja?"

Geva anatembenuka. "Amayi ati?"

"Aja amakhala kutsogolo. Tsiku lililonse akamafika apa amayamba kukonza chitenje ngati atsike, koma galimoto imangopitirira. Ine ndimawapatsa moni, sayankha. Ndiye ndinati kaya, mwina ndi matama a akazi a madalaivala."

Geva anafuna kufunsa zambiri koma chomwe chinatuluka n'chimodzi. "Amaoneka bwanji?"

"Aaa, galasi lija limanyezimira, nkhope sindinaionepo bwino. Duku lokha."

Nthawi yomweyo pikapu inatulukira, seee. Geva anatong'ola maso pagalasi la kumanzere. Anaona mitambo ndi mitengo ya bulugama zikutsetsereka pagalasipo, ndipo kuseri kwake lamba wakuda wopingasa mpando. Galimoto inakwera hampu n'kutsika, ndipo kunjako sikunamveke kugogoda kulikonse. ANangondo anakweza dzanja kupereka moni, kenaka anayang'ana Geva.

"Mwaonatu? Sayankha."

Geva anayenda kupita komwe Lusiyano anakaima. Analowa kumbuyo n'kutseka chitseko mosamala.

"Tembenuzani, alamu. Ulendo uno muyende pang'onopang'ono kwambiri. Tayala lizichita kukwawa."

Anatembenuza. Galimoto inkayenda mwakuti munthu wapansi akanaipitirira. Paliwiro lotere palibe bushi, palibe shoki yomwe ingalire, ngakhale yothaitha. Geva anatsamira kutsogolo, mutu uli pakati pa mipando iwiri, ndipo tsaya lake lakumanzere linamva kuzizira kosafanana ndi kwa mphepo ya ku Dedza. Hampu inali idakali patsogolo, tayala lisanaikhudze n'komwe.

Gu, gu. Gu.

Apa m'pamene khutu lake lija linamuuza chomwe linali likukana kumuuza sabata yonse. Kumeneko sikunali kugunda kwa chitsulo pa chitsulo. Chinali chikhatho. Ndi mmene timagogodera pa matola tikafika pathu, kawiri motsatizana, kenaka kamodzi kokumbutsa ngati dalaivala sanamve. Ndipo anthu a kwa Nsulu, chiyambire kuikidwa kwa mahampu amenewo, amadikira galimoto ichepetse liwiro pamenepo kuti agogode.

"Imani, alamu."

Lusiyano anakwera hampu n'kupitirira.

"Alamu, ndati imani!"

Lusiyano anakaima patsogolo ndithu, pansi pa mtengo wa bulugama, manja ali gwa pachiwongolero. Njinga yonyamula makala inawadutsa.

"Bushi sigogoda tayala lisanafike pahampu," anatero Geva.

"Ndikudziwa."

"Munayamba liti kudziwa?"

"Tsiku lomwe ndinabwerera pantchito, titachoka pamaliro."

"Ndiye mwandigonekeranji m'dzenje sabata yonse ngati chitsiru? Ndamasula galimoto yabwinobwino, ndatukwana anthu osalakwa!"

"Ndimati mwina mupeza kanthu," anatero Lusiyano. "Kachitsulo kalikonse kokawaonetsa akomiti, kuti aziti ndi mmene ilili galimotoyi, aisiye. Alamu, m'mawa ndikamakatenga zigubu ndimawauza nkhani. Ndimawauza za ana, za mvula, za amene akwatirana kumudzi. Sayankha, koma alipo. Njira yonse amakhala phee. Pano pokha ndi pomwe amandivuta."

"Sakukuvutani. Akupempha kutsika."

"Ndikudziwa!" Lusiyano anamenya chiwongolero, misozi ili chuchuchu. "Mukuyesa sindikumva? Nanga akatsika ine ndikhala ndi ndani? Nyumba ndinasiya, mudzi ndinasiya, munda ndinasiya. Chatsala ndi mpando uwu."

Geva anagwira kumutu. Mkwiyo wonse unamuthera, kunatsala chisoni chokhachokha. Anakumbukira lole ija, iye ali kumutu kwa bokosi, akutchula mtsinje uliwonse monyadira kuti mwambo wautsata. Koma anayambira kuitana pachipata cha chipatala, pamene chemwali wake sanafere pamenepo. Galimoto iyi palibe anaiganizira. Sanaiwerengere kuti yanyamulapo maliro, poti munthuyo anakwera wamoyo, akulankhula. Iwo anakatenga thupi n'kuliperekeza ndi nyimbo, mwini wake anamusiya pampando atamangidwa lamba, ndipo miyezi yonseyi wakhala akudutsa panjira ya kwawo m'mawa ndi madzulo, akugogoda.

"Mlamu," anatero mofatsa, "ine sindingakukakamizeni. Koma tamvani. Kugogodaku kukapitirira, galimotoyi ikwera lole. Akakhala kuti achemwali? Mumpanda wa anthu osawadziwa, mumzinda, pakati pa magalimoto akufa. Kumeneko azikagogodera ndani?"

Lusiyano anatseka maso.

"Ndipo ngakhale akomiti atakhala ogontha, galimoto n'kukhala. Munthu amene anakusamalani zaka zonse zija, tsiku lililonse azipempha, tsiku lililonse muzimupitirira? Atopa, alamu. Ndi anthu odwala aja, anati agoneko pang'ono."

Kaya panapita nthawi yaitali bwanji, ine sindikudziwa. Mithunzi ya mitengo inali itawoloka msewu. Kenaka Lusiyano anapukuta nkhope ndi chipewa, anabweza galimoto chambuyo pang'onopang'ono mpaka pakamwa penipeni pa njira ya kwa Nsulu, n'kuima. Anatambasula dzanja lake lakumanzere n'kumasula lamba uja.

Kabelu kanayamba kulira. Ti, ti, ti, ti.

Anatsika, anazungulira kutsogolo kwa galimoto, anatsegula chitseko n'kuima pambali, chipewa chili m'manja. Geva naye anatsika.

"ANankhoma," anatero Lusiyano, kuwaitana ndi dzina la mfunda wawo monga ankachitira pakhomo. "Mwafika. Pepani, ndakuchedwetsani."

Kabelu kanasiya. Ndipo Geva, amene maso ake anazolowera kuona mmene galimoto imakhalira pamiyendo yake, anaona mbali ya kumanzere ikukwera pang'ono, pang'ono pokha, monga imachitira munthu akatsika. Kutsidya kwa msewu aNangondo anagwira pakamwa, anakhala pansi n'kufunditsa mutu wawo chitenje.

"Tiyeni tonse," Geva ananong'oneza.

Lusiyano anapukusa mutu. "Ine m'mudzimo munanditulutsa kale ndi mwambo. Ndikalowa nawo sinditulukanso. Pitani nawo ndinu, alamu. Muziyenda pang'onopang'ono, mwendo wawo uja umavuta pachitunda."

Geva analowa m'njira. Woperekeza munthu wotere sacheuka ndipo sapereka moni, choncho anangolunjika maso kutsogolo n'kuyamba kulankhula.

"Achemwali, ndine Geva, mlongo wanu wa mimba imodzi. Tachoka pamsewu. Tikutsika kudimba kwa a Kanyoza. Apa pali matope, pondani pamwalapo."

Kumbuyo kwake kunkamveka kanthu. Sindinganene kuti mapazi, ndipo iyenso sananenepo kuti anali mapazi. Udzu wouma unkangokhwekhwereza pang'ono, iye akaima nako kunkaima. Khosi lake linkafuna kutembenuka lokha. Mantha anali nawo, asakunamizeni munthu. Koma pansi pa manthawo panali kena, kofanana ndi momwe ankamvera ali wamng'ono akamachokera kuchigayo, chemwali wake ali pambuyo ndi ufa pamutu.

"Achemwali, tawoloka kamtsinje. Tayamba chitunda, sitithamanga ayi. Apa ndi pamjigo, anaukonza, ukutulutsanso madzi."

Anakumana ndi amayi awiri ochokera kotunga. Woyamba anatsegula pakamwa kuti apereke moni, koma ataona milomo ya Geva ikuyenda, misozi ikutsika, maso ali patsogolo, anamugwira mnzake pamkono. Onse awiri anapatuka kulowa m'tchire, anatula ndowa zawo n'kugwada mpaka iye atadutsa.

Nyumba ya Sitelia inali chitsekere kuyambira tsiku losudzula. Udzu unali utamera pakhonde, denga lija lomwe ankati afolere linali litagwa mbali imodzi. Geva anamasula waya womangira chitseko, anachikankha, n'kuima pambali.

"Achemwali, pano ndi panu. Lowani mupumule. Mawa ndiwauza akuluakulu, tikuperekezeni kumene kwagona amayi. Ine ndinakusiyani panjira osadziwa, musandisungire."

Kukhwekhwereza kuja kunamudutsa pafupi, ndipo kunatha. Anadikira pang'ono, anabweza chitseko osachimanga waya, n'kukhala pakhonde kulira ngati mwana, kulira komwe sanalire ngakhale tsiku la maliro.

Pobwerera pamsewu kunali kutayamba chisisira. ANangondo anali atapita, pamalo pawo patatsala timiyala totsamiritsira tomato. Lusiyano anali chiimire pomwe paja, dzanja lili pachitseko chotsegula.

"Afika?"

"Afika. Alowa m'nyumba."

"Pachitunda sanavutike?"

"Tinayenda pang'onopang'ono."

Lusiyano anagwedeza mutu. Anayang'ana mpando uja kwa kanthawi, kenaka anati, "Khalani kutsogolo, alamu."

Geva anakhala. Unali mpando ngati mpando wina uliwonse. Lusiyano anayatsa nyali, anakhotetsa galimoto n'kulunjika pamahampu. Tayala linakwera, linatsika. Kunamveka timiyala, kunamveka nkhululu m'tchire, basi.

"Mwaikonza, alamu," anatero Lusiyano, akuyesa kuseka. "Akomiti asangalala. Galimoto sipitanso."

"Sipitanso."

Anayenda pang'ono, mpaka pamtengo wa bulugama uja. Pamenepo Lusiyano anaima, anatembenuza galimoto n'kubwerera pamahampu. Ulendo uno anayenda mokwawa, mutu ataupendeketsa kumanzere, mpweya ataugwira. Tayala linakwera, linatsika. Anapitirira pang'ono n'kuimanso, ndipo Geva anaona manja aja akufunafuna pogwira pachiwongolero ngati ayamba kumene kuphunzira.

"Tibwerezenso, alamu. Mwina sindinamvetsetse."

Geva ankadziwa kuti palibe chomwe amve, lero, mawa, ngakhale chaka chamawa. Kunyumba ankamudikira, kunja kunkazizira, ndipo msana unkamupweteka ndi sabata yonse ya m'dzenje. Anayang'ana mlamu wake, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Bwerezani, alamu," anatero. "Ine sindikuthamangira kulikonse."